Za ulendo wathu wa ku Likoma, mumvere kwa mwini wake

  Lero ndilemba zotalika, ndiye amene bandulo yatsala pang'ono musunge, mudzawerenge mukagula ina.

Nkhani yafika kale pachigayo ndi pamjigo kuti ine ndi mayi akunyumba tikupita ku holide. Ena akuti tikupita ku Joni kwa mwana, ena akuti ndatola chikwama pamsewu wa tala, wina mpaka anafunsa mayi ngati mutu wanga ukuyenda bwinobwino. Ndiye ndati mumvere kwa mwini wake. Ndi zoona. Mulungu akalola, mwezi wa October tikwera sitima ya Ilala kupita kuchilumba cha Likoma. Kulibe maliro, kulibe ukwati, sitikukapikula usipa wa geni. Tikupita kukaona malo, kukasamba m'nyanja, ndi kukhala pansi pamchenga anthu awiri amene akhala pabanja zaka 30.

Ndikudziwa kuti mawu akuti holide m'kamwa mwa mlimi samveka bwino. Ife timadziwa holide ya ana asukulu, yomwe kwa iwo ndi nthawi yopalira ndi kuweta mbuzi. Koma tandiuzeni anzanga, munthu wa m'mudzi muno akavala nsapato ndi jekete m'mamawa, timamufunsa kuti chiyani? Timati, kwagwanji, kapena akudwala ndani? Maulendo athu ndi amenewo, maliro ndi chipatala, mwina kukaima pamzere wa feteleza. Chaka chatha tinaika m'manda alamu anga, akulu awo a mayi akunyumba. Mayi amene aja analima thonje moyo wawo onse, analera ana 6 ndi zidzukulu pamwamba. Tauni yaikulu anailowa kamodzi kokha, atagona chagada mu ambulasi, ndipo pobwera anabwera m'bokosi. Titachoka kumanda, patapita masiku, mayi anandiuza tikusenda chimanga kuti, bambo, inenso ndidzayenda ulendo ngati wa achemwali, nyanja ndimangoidya m'mbale koma sindinaipondepo. Anayankhula moseka, koma ine sizinandiseketse. Mayiwa ali pamankhwala a BP chaka chachitatu tsopano.

Ndiye taganizani. Mtsinje wathu wa Bwanje ukadzadza umakokolola nthaka yathu, nthawi zina ndi mbewu zomwe, n'kukataya m'nyanja. Anyamata a njinga amatibweretsera usipa ndi utaka kuchokera ku Malembo. Nyanja ili pafupi chonchi, koma azimayi ambiri a msinkhu wa mayi akunyumba sanaionepo. Azungu amalipira ndege kuchokera ku London ndi ku Germany kudzaona chinthu chomwe ife tingachifikire tsiku limodzi pa matola.

Ena mwafunsa kuti bwanji osangopita pa Monkey Bay kapena ku Senga Bay, kusamba n'kubwerera tsiku lomwelo. Yankho lake lili ku sitandade 6. Aphunzitsi athu anajambula mapu a Malawi pabolodi, n'kuika timadontho tiwiri m'kati mwa nyanja, chakufupi ndi Mozambique. Anati aka ndi Likoma, aka ndi Chizumulu, ndipo kumakhala anthu, ali ndi minda, sukulu ndi tchalitchi chachikulu. Ine mwana wa kumtunda sizinandilowe m'mutu kuti mudzi ungazunguliridwe ndi madzi mbali zonse anthu n'kumagona tulo. Sukulu ndinalekera sitandade 7, koma timadontho tija sitinachoke m'mutu mwanga.

Miyezi yapitayi ndakhala ndikufunsafunsa, poti safunsa anadya phula. Mdzukulu wanga wa fomu 3 wandithandizanso kuwerenga pa intaneti. Zomwe ndapeza ndi izi. Likoma ndi boma palokha, laling'ono kuposa maboma onse m'Malawi, ndipo ndi zilumba ziwiri zomwe zija. Kalembera wa 2018 anapeza anthu osakwana 15,000 pazilumba zonse ziwiri, pamene ife a Ntcheu tinaposa 600,000. Madzi ozungulira zilumbazo ndi a Mozambique, ndipo ukaima ku Likoma umaona mapiri a kutsidya ndi mudzi wa Cobue, koma nthaka yake ndi ya Malawi. Zinatero chifukwa amishoni a Anglican, a bungwe la UMCA, anakhazikika kumeneko m'zaka za m'ma 1880, ndiye Angerezi ndi Apwitikizi pogawana malire, zilumbazo zinatsalira mbali ya Nyasaland. Choncho pasipoti siyofunika, chiphaso cha unzika chikwanira. Amene mumati tikupita kunja, mitima ikhale pansi.

Tchalitchi chija ndi cha St Peter's. Anayamba kumanga mu 1903 ndipo anamaliza mu 1911, pamalo otchedwa Chipyela, pomwe kale ankatentherapo anthu oganiziridwa ufiti. Ine si wa Anglican, koma Lamulungu tidzakalowa, tikhale kumbuyo, timve mmene amaimbira. Ndine munthu woti ndinaumba njerwa n'kumanga ndekha nyumba ya zipinda zitatu, ndipo inanditengera zaka 4. Ndikufuna ndikagwire khoma limenelo ndi dzanja langa, ndione mmene anthu anamangira chinthu chotere pakati pa nyanja nthawi yomwe kunalibe lole kapena thirakitala. Andiuzanso kuti chilumbacho n'chodzadza ndi milambe. Pamenepo mayi anaseka, akuti ndiye tiwononge ndalama kukaona milambe yomwe ili kuseri kwa khola lathu? Ndinawayankha kuti mlambe wathu sunaonepo mafunde.

Tsopano kayendedwe. Njira zilipo zitatu. Pali ndege, chifukwa ku Likoma kuli kabwalo kake, koma imeneyo tingoitchula kuti mudziwe kuti ilipo. Pali kukwera basi msewu wa M5 kudzera ku Salima, Nkhotakota ndi Dwangwa mpaka ku Nkhata Bay, n'kuwoloka kuchokera kumeneko. Imeneyo ndi tsiku lathunthu pamsewu, ndipo miyendo ya mayi imatupa akakhala mopanikizika nthawi yaitali. Yachitatu ndiyo tasankha. Tidzanyamuka Lachinayi m'mawa, kukwera pamsewu pano mpaka pa Golomoti, kusintha galimoto kulowa msewu wa ku Monkey Bay, komwe akuluakulu amati ku Lusumbwe. Kumeneko tigone, chifukwa Ilala imanyamuka Lachisanu m'mawa.

Sitima imeneyi ndi nkhalamba kuposa ine. Inapangidwa ku Scotland, anaibweretsa zidutswazidutswa n'kuilumikiza pa Monkey Bay pomwepo, ndipo yakhala ikuyenda panyanja kuyambira 1951. Ine ndine wa 1970, ndiye ndikakwera ndidzaipatsa ulemu wa akulu. Imayenda ulendo umodzi pa sabata, kuchoka ku Monkey Bay mpaka ku Chilumba cha ku Karonga, chomwe ndi dzina chabe, si chilumba ayi, kenako n'kubwerera. Mwa ndondomeko yake imafika ku Likoma Loweruka, n'kupitirira ku Chizumulu ndi ku Nkhata Bay, ndipo pobwerera imadutsanso pa Likoma cha Lachiwiri, kufika ku Monkey Bay Lachitatu. Ndiye kuti pachilumba tigona masiku atatu, ndipo ulendo onse ndi sabata yathunthu. Onse amene anakwerapo akunena chimodzimodzi, kuti Ilala siyendera wotchi. Imatha kuchedwa maola ambiri potsitsa katundu, ndipo nthawi zina amaichotsa panyanja kuti aikonze. Ukaiphonya pobwerera, udikira sabata ina kapena uzungulire ku Nkhata Bay. Pachifukwa chimenechi ndalama yobwererera mayi adzaisokera m'kansalu kapadera, ndipo sidzakhudzidwa ngakhale chambo chinunkhire bwanji.

M'sitimamo muli magawo. Pali zipinda zogona za anthu a ndalama, pali pamwamba popita mphepo, pali sekondi kalasi, ndiye pali pansi pa anthu wamba, pomwe mumakhala limodzi ndi matumba a chimanga, madengu a nsomba, malata, nkhuku, chilichonse. Ndikanakhala ndekha ndikanalowa pansipo osaganiza kawiri. Koma usiku onse pabenchi ndi munthu wa BP, ayi. Tagwirizana kuti popita tikwere sekondi kalasi, pobwerera tidzaona mmene thumba lidzakhalire. Chinanso, m'madoko ambiri sitima siifika kumtunda. Imaima pakuya, anthu n'kumatsikira m'maboti ang'onoang'ono, mwinanso kuponda m'madzi ndi katundu pamutu. Choncho mafoni, chiphaso ndi buku la kuchipatala tidzamanga mujumbo, majumbo awiri.

Nthawi yonyamukira ndiyo inatidyera masiku ambiri pokambirana, chifukwa nyanja ili ndi kalendala yake, munda ulinso ndi yake. Kuyambira December mpaka April mlimi sachoka pakhomo, zimenezo n'zosachita kufunsa. May ndi June tikukolola chimanga ndi kutola thonje. Ndalama imapezeka bwino June ndi July, koma miyezi imeneyi kufikira August ndi nthawi ya mwera, mphepo yochokera kummwera yomwe imautsa mafunde aakulu. Asodzi enieniwo amauopa mwera. August ndi September nandolo ali m'munda, ndipo mukudziwa nonse zomwe mbuzi ndi anthu a manja aatali amachita ndi nandolo wopanda mwini. November mitambo yayamba kusonkhana, munthu sungakhale pamchenga mtima uli kumunda. Watsala ndi October yekha. Kumatentha, inde, koma ife a kuchigwa kutentha tinakuzolowera, ndipo nyanja imakhala itadekha. Komanso pa 15 October ndi tsiku la anakubala, lomwe anthu a m'tauni amatengera amayi awo kunyanja. Zaka zonsezi mayi akunyumba amangolandira chitenje ndi shuga. Chaka chino sabata imeneyo idzawapeza ali pamadzi.

Izi zikutanthauza kuti kusosa ndi kugalauza mizere kuthe September asanathe. Tayamba kale munda wa kumtunda. Amene mwationa tikulima mu July musadabwe.

Tibwere ku nkhani yomwe ambiri mukuifuna, ya ndalama. Ulendowu tinaukonza koyamba mu 2023. Mu November chaka chomwecho kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo kandalama komwe tinasunga kanasanduka madzi. Mu 2024 kunabwera ng'amba ija, mpaka boma kulengeza kuti maboma 23 ali pangozi. Chaka chimenecho nkhani ya nyanja sitinaitchule n'komwe, tinali kusaka chakudya. Chaka chino takololako, ndiye tadziikira malamulo atatu. Loyamba, chimanga cha m'nyumba sichigulitsidwa ngakhale chitini chimodzi. Tathira mankhwala matumba 18, ndipo amenewo ndi a pakamwa mpaka March. Lachiwiri, feteleza ndi mbewu zigulidwe kaye. Ndalama ya thonje yapita kumeneko, ndipo matumba awiri ali kale kuchipinda, wofuna adzaone. Lachitatu, ngongole ayi, katapila ayi. Ya banki mkhonde ya mayi amagawana December, imeneyo ndi ya fizi ndi aganyu opalira.

Ndiye ulendo udya chiyani? Mbuzi ziwiri mwa 7, tonde wokalamba ndi thadzi limodzi lomwe lasiya kuswa. Matumba atatu a nandolo akauma. Ndi kandalama komwe ndakhala ndikuponya ku Mpamba mwezi ndi mwezi kuchokera pomwe ndinasiya kachasu wa Loweruka zaka ziwiri zapitazo. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Mukawerengera bwino, anzanga ena a pabawo amwa Likoma wawo kawiri kapena katatu osachoka pansi pa mtengo.

Achimwene anga aakulu anandiitana n'kundiuza kuti mbuzi ziwirizo ndi malata 6, kapena ndi chitetezo tsiku lomwe matenda adzagogoda. Sananame, ndipo ndinawamvera mpaka kumapeto. Chakudza sichiimba ng'oma, mvula ikhoza kutipusitsanso chaka chino. Koma ndinawakumbutsa za maliro a alamu aja. Tinapha mbuzi zitatu, tinagula bokosi la kutauni, tinachita hayala galimoto. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anati tikuwononga. Onse anati tawalemekeza. Nanga mbuzi ziwiri kudyera munthu ali moyo, akuona ndi maso ake, akuseka, zikhale bwanji zopusa? Achimwene anakhala chete, kenako anati, ukabwere ndi utaka wouma. Kwa ine chimenecho chinali chilolezo.

Malo ogona ndiwo ofunika kuchenjera nawo. Mdzukulu anandipezera nambala ya malo ena okongola a m'mbali mwa gombe. Nditaimba, anandiuza mtengo wa usiku umodzi m'madola. Nditauwerengera m'makwacha ndinapeza kuti khola langa lonse silingatigoneke mpaka Lolemba. Ndinathokoza n'kudula foni. Malo amenewo ali ndi eni ake. Ife tikufuna resiti hausi wamba chakufupi ndi msika wa ku Mbamba, chipinda chokhala ndi loko ndi neti, madzi osamba, basi. Mchenga ndi nyanja n'zomwezo, sizisankha kuti wagona kuti. Ndipo ndalama sinditumiza pafoni kwa munthu amene sindinamuone nkhope, ngakhale atandilonjeza chipinda chotani. Ndidzalipira nditaona bedi.

Zonyamula mayi alemba kale kuseri kwa kalendala. Ufa woyera wa sabata imodzi, chifukwa nthaka ya ku Likoma ndi ya miyala ndi mchenga, anthu amadalira chinangwa, ndipo chimanga chambiri chimabwera pasitima, ndiye sichingatchipe. Kondowole tidzalawa ndithu, koma mimba ya Mngoni wa ku Ntcheu siikhulupirika pa zinthu zachilendo. Kapoto kamodzi, mthiko, mchere, tomato wouma, mtedza wokazinga, zigumu ndi mbatata yophika ya m'sitima. Nsomba tikagula konko, zikutuluka kumene m'madzi. Zitenje zinayi, bulangete limodzi poti panyanja usiku kumazizira, tochi, ndi mankhwala a mayi a masabata awiri, kuopa kuti sitima ingachedwe. Akuti kumenekonso amadya nkhungu, tizilombo touluka tomwe timatuluka m'nyanja ngati utsi, amatiumba n'kuphika. Ife odya mbewa ndi ngumbi tilibe chifukwa chonyansidwa, tikazipeza tilawa.

Za mantha ndisabise. Tonse awiri sitidziwa kusambira. Ine kusambira kwanga ndi kwa m'dambo, madzi olekeza m'chiuno. Agogo ankatiuza za sitima ya Vipya yomwe inamira mu July 1946 kumpoto kwa nyanja, anthu 145 n'kuthera pomwepo, ndipo taonani mwezi wake, ndi wa mwera womwe uja. N'chifukwa chake tadikira October, ndipo n'chifukwa chake sitidzakwera tiboti todzadza mopitirira muyezo ngakhale titachedwa. Posamba tidzasamba pomwe eni dera akusamba, masana, madzi a m'mawondo. Pa bango ndi pamatope sitidzapondapo, chifukwa ndi pomwe pamabisala ng'ona komanso nkhono zofalitsa likodzo. Likodzo si lachilendo kwa ife a kuchigwa, ana athu amamwa mankhwala ake kusukulu. Tikabwerako, pakapita milungu ingapo, tidzapita kuchipatala kukayezetsa.

Ngati sitima idzakhale ili pokonzedwa sabata imeneyo, sitibwerera manjamanja. Kuchokera pa Monkey Bay, Cape Maclear ndi pafupi. Kumeneko kuli mudzi wa Chembe, ndipo ukakhala pagombe umaona zilumba za Thumbi ndi Domwe. Ndi m'dera la Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 poteteza tinsomba tamitundumitundu totchedwa mbuna. Amishoni a Livingstonia anayambira pamenepo mu 1875 asanasamukire ku Bandawe chifukwa cha malungo, ndipo manda awo alipo mpaka lero. Tidzagona masiku awiri, tikwere boti lokhala ndi majekete oyandamitsa kukaponda pa Thumbi, ndalama yotsala ibwerere kukhola. Koma mtima uli ku Likoma.

Tsopano ntchito zanu. Inu a m'mudzi muno, mphwanga wa kwa achemwali ndiye adzagona pakhomo, ndipo amfumu ndawadziwitsa kale. Mbuzi zotsala zidzagona kukhola kwa achimwene. Mukaona utsi kapena munthu wachilendo akuzungulira nyumba, musadikire kuti ndibwere. Kumbali ya dimba, amene adzathirire masamba sabata imeneyo adzathyole n'kudya, ndi malipiro ake.

Inu a m'tauni, ndalama sindikupempha, ndanena poyera kuti pasakhale wodandaula kuseri. Mlamu wanga wa ku Ndirande, chikwama chanu cha matayala chija mutibwereke, chidzabwera chili bwino. Mwana wanga wa ku Area 25, foni ya amayi ako kamera inafa, ndiye ubwere ndi yako yakale ija ukamabwera ku chinkhoswe cha mu September, ndi kabanki kotchajira. Iwe wa ku Joni, usatumize kanthu, ungowaimbira amayi ako uwalimbitse mtima, chifukwa anzawo a kumpingo awaopseza kale ndi nkhani za mafunde. Ndipo ngati pali wina mwa owerenga amene ali ku Monkey Bay, kapena ali ndi m'bale wogwira ntchito padoko, andilembere ku inbox. Ndikufuna munthu woti ndidzamuimbire kutatsala sabata imodzi, anditsimikizire kuti sitima ikuyenda tisanawononge thiransipoti.

Pali banja lina la kutsidya kwa njanji lomwe landinong'oneza kuti likufuna kutsagana nafe, koma likuopa kusekedwa. Sinditchula maina. Ndingoti malo m'sitima alipo, ndipo anthu anayi kugawana poto mmodzi ndi chipinda choyandikana zimatchipa. Muli ndi miyezi iwiri ndi theka. Yambani ndi feteleza, kenako muwerenge mbuzi.

Sabata yamawa ndidzalemba za mavenda a nandolo ndi masikelo awo, chifukwa matumba atatu aja akapimidwa mwachinyengo, ulendowu uthera pa Golomoti.